Manzere Anga ndi Manzere a Tadala

Khalani pansi, musandiombere m'manja. M'manja anandiomberapo kale anthu odzaza bwalo lonse, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzandiona masiku amene ndinkasanza m'bafa. Abusa andipempha kuti ndilankhule nanu abambo amene mumakumana pansi pa tchalitchi pano Loweruka lililonse, ndipo andichenjeza kuti ndisatukwane. Ndiyesetsa. Ena mwa inu ndikukudziwani, ena ndamwa nanu. Inu achimwene a kumapeto uko amene mukutafuna chingamu m'mawa uno, chingamu chimenecho ndinachitafunapo inenso, sichibisa kanthu.

Ndine Limbani, ngakhale kuti ambiri muno mu Toronto mumandidziwa ndi dzina loti Manzere. Ndinali woponya mpira wa bezibo, ndipo inali ntchito yeniyeni, yolandira malipiro. Kwa inu amene simunauonerepo, zimakhala chonchi. Munthu amaima pa kachulu pakati pa bwalo n'kuponya kampira kolimba ngati mwala kwa mnzake amene wanyonyomala kutsogolo atavala golovesi. Pakati pawo pamaima mdani atanyamula chibonga, kufuna kukamenya kampirako. Ntchito ya woponya ndi yoti wachibongayo aphonye, basi. Amuna akuluakulu a ndevu zawo amalipidwa chifukwa cha zimenezo, ndipo ine ndinali mmodzi wa iwo.

Ndinabadwira ku Dedza, ndipo ndinabadwa wamanzere. Mukudziwa nokha mmene kwathu amalionera dzanja limeneli. Sudyera, superekera moni, sulandirira chinthu kwa wamkulu, ntchito yake ndi ya kuchimbudzi. Bambo anga anali mphunzitsi, ndiye mwana wa mphunzitsi kumalemba ndi manzere chinali chinthu chochititsa manyazi sukulu yonse. Nthawi ya chakudya ndi nthawi yolemba ankandimanga dzanjali kumbuyo ndi nsanza ya chitenje. Mpaka lero ndimalemba ndi lamanja, ndipo zilembo zanga zimaoneka ngati payenda nkhuku. Koma kumunda kunalibe bambo. Kumunda kunali anyani otsika m'phiri kudzaba chimanga, ndipo kumeneko dzanja langa linkamasuka. Ndinkagenda, abale. Nyani akangosuzumira pathanthwe, ankabwerera akulira.

Ndili ndi zaka khumi ndi zinayi bambo anapeza malo pa yunivesite ya kuno ku North York, tonse tinabwera, n'kukakhala m'mwamba mwa nyumba zazitali zija. M'nyengo yanga yoyamba yozizira, tsiku lina popuma kusukulu ndinaumba sinowo, chipale chofewa chija, n'kugenda chikwangwani chimene chinali kutsidya kwa msewu. Mphunzitsi wa masewero, mzungu wamtali, anandithamangira. Ine ndinadziwa kuti ndapalamula, ndipo chimene ndinachita n'kubisa dzanja kumbuyo. Iye anangoti ndigendenso. Ndinagenda, chikwangwani chinalira. Tsiku limenelo ndi limene ndinamva kuti dziko lino lili ndi masewero amene amasakasaka anthu amanzere ngati mankhwala, chifukwa mpira wochokera kumanzere umasokoneza maso a achibonga ena. Nditawauza bambo, anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Ndiye tawoloka nyanja zonsezi kuti iwe udzagende?" anatero.

Ndinagendabe. Nditamaliza sukulu timu ina inandisayinitsa, ndipo ndinatha zaka zambiri m'matimu ang'onoang'ono, m'timatauni ta ku America timene ngakhale eni ake amachita manyazi kutitchula. Tinkagona m'basi, kudya buledi ndi soseji, kuchapa masokosi m'sinki. M'zaka zimenezo ndinakwatira Mphatso, namwino wochokera ku Zomba amene ankagwira ntchito kunyumba yosungira okalamba kuno, ndipo tinabereka mwana wamkazi, Tadala. Kenako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 90 zino anandiitana ku timu yaikulu ina ya kutsidya kwa malire. Dzina lake silikuthandizani kanthu.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa anthu anga sanamvetsepo. Ine sindinali woponya masewero onse. Ntchito yanga inali munthu mmodzi. Tinkakhala pamalo ena kumapeto kwa bwalo amene eni masewerowo amawatcha khola la ng'ombe, ndipo dzinalo ndi loona, tinkangokhala pamenepo kumatafuna njere za mpendadzuwa n'kumalavula. Zinthu zikafika povuta, pakabwera wachibonga woopsa wamanzere wa timu inayo, foni inkalira m'kholamo. Ndinkalowa, kuponyera munthu ameneyo yekha, akaphonya manijala ankabwera kudzandilanda mpira, ine n'kutuluka. Ukatuluka mwamsanga, ndiye kuti wagwira ntchito yako bwino.

Nditayamba kuoneka pa TV, ndinadabwa kuti ndili ndi abale ambiri chonchi mu Canada. Anthu amene ankandipatsa moni ndi nsonga za zala anayamba kundikumbatira. Panali a Zulu, injiniya wa ku Chipata wokhala ku Mississauga, amene anadzisankha okha kukhala mlangizi wanga ngakhale kuti mpira wa bezibo anali asanaugwirepo. Panalinso alamu anga a Joyisi, akulu ake a Mphatso, mayi wa madigiri awiri okhala ku Brampton. Amenewa pa nthawi ya ukwati wathu ananena poyera kuti munthu wosewera mpira si mwamuna ayi, ndi mwana wamkulu thupi. Tsopano pamisonkhano ankandikoka dzanja kumandionetsa kwa anzawo kuti, "Awa ndi alamu anga aja a pa TV." Paja alamu timaseka nawo, koma ine ndi awa sitinasekepo zochokera mumtima.

Ndiye linafika tsiku limene timu yathu inabwera kudzasewera muno mumzinda. A Zulu anachita hayala basi. Anthu anasoketsa zovala za chitenje chimodzi, Amalawi ndi a ku Zambia pamodzi, mbendera m'manja, bambo anga atavala suti pa dzuwa. Anakhala masana onse akuonera masewero amene sankawamvetsa, kufunsana kuti chigoli chili kuti, nanga Manzere alowa liti. Chakumapeto, zinthu zitathina, foni inalira m'khola. Kutsogolo kwanga kunaima chimunthu chimene oponya onse ankachiopa chaka chimenecho. Ndinaponya, chinaphonya. Ndinaponyanso, chinangoyang'ana. Ndinaponya wokhota, chinazungulira ndi chibonga chake mpaka kugwada. Manijala anabwera, anandilanda mpira, n'kundisisita paphewa. Ndinatuluka mtima uli m'mwamba, n'kuyang'ana kumene kunali zitenje kuja. Kunali zii. Mbendera zonse zinali pansi.

Panja pa bwalo a Zulu ndi amene anayamba. "Iwe Manzere, manje bakuchosa bwanji mwamsanga so? Olo thukuta sunachite! Ni tsankho iyi, tifunika kulemba kalata."

"Ayi a Zulu, ntchito yanga ndi yomweyo. Ndinalowera munthu yekha uja."

"Usabatetezele, mwana. Ise mpira tiudziwa. Munthu akalowa n'kuchosedwa pamene apo, ninshi walephera."

Alamu anga anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Tasoketsa zovala kudzaona munthu akuthamangitsidwa m'bwalo." Bambo anga anandigwira dzanja, lamanja, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pepa mwana wanga, zimachitika." Limenelo linali tsiku labwino kuposa onse pa ntchito yanga, ndipo anthu anga anandipepesa ngati ndili pamaliro. Anthu ophunzira, madokotala, ma injiniya, koma panalibe amene anafuna kumva kuti dziko lili ndi mpira wina kupatula wa miyendo. Sabata isanathe, mbiri inali itafika mpaka ku Lilongwe kuti mwana wa aphunzitsi uja azungu anamuchotsa atangolowa.

Musamve ngati ndikuti anandimwetsa mowa ndi iwowo, ayi. Chitsiru chinali ine, chifukwa ndinkawanyoza anthu amenewa koma n'kumafunabe kuti andiombere m'manja. Ndinayamba kumuvutitsa manijala kuti azindisiya ndiponyere anthu ambiri. Chigongono chinali chitayamba kale kundiluma, ine osanena. Ndinkameza mapiritsi opha ululu, kuponya mwamphamvu kuposa kale, n'kudzatsirira wisiki pamwamba kuti ndigone. Tsiku lina ndikuponya ndinamva kuti thapu m'kati mwa mkono, mpira n'kukagwa pakati panjira. Mtsempha unali utaduka. Anandichita opaleshoni, ndinachira, ndinabwerera, koma mpira wanga unali utasanduka nkhalamba. Achibonga ankaudikira ngati akudikira basi. Anandibweza ku timu yaing'ono, kenako ku ina yaing'ono kuposa pamenepo, kenako bwana wina wonenepa anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti ndine munthu wabwino kwambiri. Mzungu akayamba kukuuza kuti ndiwe munthu wabwino, yamba kulongedza.

Zotsalazo mukuzidziwa, chifukwa ndi zanu zomwe. Ndinabwerera ku North York, mapiritsi m'thumba ili, botolo m'thumba linali. Ndinkakhala m'bala ya pakona kumasimba za chimunthu chija ndinachigwaditsa, azungu okalamba n'kumandigulira kamodzi kamodzi ngati akudyetsa nyani wa kumalo osungira nyama. Ndinagulitsa yunifomu, ndinagulitsa nsapato. Golovesi yokha ndi imene inatsala, osati chifukwa choikonda, koma golovesi ya munthu wamanzere palibe ankaifuna. A Zulu akandiona m'sitolo ankayamba kuwerenga mwachidwi zolembedwa pa chitini cha nyemba mpaka nditadutsa. Bambo anapuma ntchito n'kubwerera kumudzi osanditsanzika bwino. Mphatso ankagwira mashifiti awiri, kusambitsa makolo a eni, ine ndikugona pa sofa. Tsiku lina masana akuweruka anamupeza Tadala ali yekha mu lifiti, akungokwera ndi kutsika, wopanda nsapato, ine ndili m'tulo chitseko chili pululu. Sanakuwe. Analongedza zikwama ziwiri n'kupita ndi mwana kwa akulu ake ku Brampton. Anangondisiyira mawu amodzi, kuti mwana ndidzamuona tsiku limene ndidzabwere ndisanamwe. Chaka chinatha, tsiku lotero silinapezeke.

Apa ndiyenda pang'onopang'ono.

Mukudziwa pikiniki ija ya mu Julaye, imene timakumana kupaki ku Mississauga n'kumaotcha nyama. Chaka chimenecho ndinapita. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinapitira mwana, koma ndinapitira mowa waulere wa m'makula a anthu, mabokosi oziziritsira zakumwa aja. Ndinatenganso wanga m'fulasiki ya tiyi, poopa kuti andimana. Anthu atandiona anayamba kusendeza makula awo ndi mwendo kulowetsa pansi pa matebulo. Ndinawaseka mumtima, anthu oimba kwaya Lamulungu amene Loweruka amabisa mowa kwa mnzawo.

Kenako ndinamuona Tadala. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atakhala yekha kumapeto kwa benchi, atavala diresi yachikasu, akudya mpunga. Mpunga unali ponseponse, pa diresi, pa benchi, pansi. Sipuni anaigwira ndi dzanja lamanja ngati wagwira khasu, ndipo inkafika pakamwa itatsala theka. Zinandidabwitsa, chifukwa mwana ameneyu ndinkamudziwa. Ali khanda, chala changa ankachigwira ndi manzere. Kapu yake yoyamba anainyamula ndi manzere, ndipo tsiku limenelo ndinavina m'khitchini. Ndinayandikira n'kuyang'ana bwino. Dzanja lamanzere silinkaoneka. Anali atalikhalira.

"Tadala," ndinatero, "dzanja linalo lili kuti?"

Anandiyang'ana osamwetulira. Anandiyankha m'Chingerezi chawo cha ana a kuno, koma ndikuuzani m'chathu.

"Ndalikhalira, dadi."

"Chifukwa chiyani?"

"Kuti lisatuluke. Limaiwala, limangotenga sipuni lokha."

"Ndiye likatenga pali vuto lanji?"

"Anti akuti ndi dzanja loipa. Akuti ndi limene linakuwonongani inuyo. Akuti ndikamaligwiritsa ntchito ndidzakhala ngati inu." Anatola kambewu ka mpunga pa diresi n'kukaika m'mbale. "Ine sindikufuna kukhala ngati inu, dadi. Sole."

Sananene mokwiya. Ananena mmene mwana amanenera kuti kunja kukugwa mvula. Ine ndinamva nsanza ija ya bambo ikundithina pamkono, ngati kuti andimanga m'mawa womwewo. Kusiyana kwake n'koti ine ankachita kundimanga ndikulira, pamene mwana wanga ankadzimanga yekha, mwaulemu, kuti asafanane ndi ine.

Mtima unandipsa. Ndinapita kumene alamu anga ankatembenuza nkhuku pamoto, anthu ali mbali zonse, n'kuwaloza chala.

"Alamu! Ndani wakupatsani chilolezo chomanga mwana wanga? Madigiri awiri onse aja, mukukhulupirirabe za kumudzi zoti dzanja limalodza munthu?"

Sanadzidzimuke n'komwe. Anaika foloko pansi, anapukuta manja pa chitenje, n'kunena mofatsa kuti aliyense amve.

"Alamu, tatsitsani kaye chala chanucho. Chikunjenjemera."

Anthu onse anayang'ana chalacho, inenso ndinachiyang'ana. Linali dzanja lamanzere lomwe lija, limene linagwaditsa chimunthu pamaso pa bwalo lodzaza, ndipo linkagwedezeka ngati la nkhalamba. Ndinayesa kuliimitsa, linakana.

"Mwanayu ndikulera ndine," anapitiriza. "Akatentha thupi ndimadzuka ndine. Kusukulu ndimamuperekeza ndine. Inu manzere anuwo atipatsa chiyani, kupatula fungo limene mwabwera nalo panoli? Tsiku limene mudzafune kulankhula za mwana, mudzabwere m'kamwa muli bwino. Tsopano tapatukani, nkhuku ikupserera."

Ndinatembenukira kwa Mphatso, amene anali ataima pambali ndi mbale m'manja. Ndinamufunsa ngati iyenso akugwirizana nazo.

"Sindigwirizana nazo," anatero motsitsa mawu. "Koma ndikukhala m'nyumba ya eni. Ukufuna ndikangane ndi amene akutisunga, ndiyeno ndipite kuti ndi mwanayu? Kwa iwe?"

Abale, alamu anga ankalakwitsa, ndipo mpaka lero ndimati ankalakwitsa. Zimene ankamuuza mwana uja ndi umbuli, umbuli wovala magalasi ndi kuyendetsa galimoto yabwino. Koma umbuli wawowo unali ndi mboni, ndipo mboniyo ndinali ine. Aliyense wofuna kutsimikiza kuti manzere amawononga munthu ankangofunika kundiyang'ana. Panalibe munthu wina mu Canada yense amene akanamuteteza mwana ameneyu pa nkhani imeneyi kuposa ine, ndipo ndinali nditadzichotsa ndekha pakamwa.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndinakhuthula fulasiki ija pa udzu, kumwamba n'kutseguka. Zimenezo muzikazimva m'maumboni a anthu onama. Ine ndinaimaliza yonse m'basi pobwerera. Koma inakana kugwira ntchito. Ndinkati ndikatseka maso, n'kumaona mpunga pa diresi yachikasu. Kutacha ndinasamba, ndinakwera sabuweyi, sitima ya pansi pa nthaka ija, n'kupita kwa dokotala.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita, chifukwa misozi yokha sinachiritsepo munthu. Kwa dokotala ndinanena zonse, mowa ndi mapiritsi omwe, osachotserako. Ambiri a inu mukapita kumeneko mumati mumamwa pang'ono pa wikendi, ngati kuti dokotala ndi apongozi anu. Anandiuza kuti mmene thupi langa linalili, kusiya ndekha kunyumba kukanatha kundipha, ndiye anandigoneka m'chipatala. Kumeneko ndinanjenjemera, ndinasanza, ndinadziipitsira, namwino wamng'ono ngati mlongo wanga n'kumandisintha zofunda. Ngati mukuganiza kuti ndinu bambo wolemekezeka moti simungapite kumalo otero, dziwani kuti ulemu umenewo anthu anasiya kale kukupatsani, mwatsala nokha osadziwa.

Nditatuluka ndinafuna ntchito iliyonse, ndipo ndinaipeza kuweyahausi yosungira katundu ku Brampton, kunyamula makatoni. Kapitawo wanga sankadziwa kuti ndinaonekapo pa TV, ndipo atamva sizinamukhudze, anangoti makatoni a matewera apite kumzere wachitatu. Zinandithandiza kuposa ulaliki. Ndinasintha basi imene ndinkakwera kuti ndisamadutse pa bala ija. Ndinasiya kupita kulikonse kumene kuli makula, ngakhale ukwati wa m'bale. Ndinayamba kubwera pansi pano, kudzakhala pa mipando yolimbayi ndi kumwa khofi woipayu, ndipo ndinapeza munthu mmodzi amene ndimamuimbira foni zikandivuta.

Koma chimene chinandigwira kwenikweni ndi ntchito yanga yakale ija, imene anthu anandipepesa nayo. Poyamba ndinkati ndikaganiza zoti sindidzamwanso moyo wanga wonse, ndinkaona kuti sindingathe. Kenako ndinakumbukira kuti ine sindinakhalepo woponya masewero onse. Ludzu silibwera lonse pamodzi. Limabwera ngati wachibonga mmodzi, Lachisanu poweruka, kapena ukamva nyimbo ya kwanu, kapena wina akakunyoza. Ukalimbana ndi limene laima kutsogolo kwakolo, kuimba foni, kudya kanthu, kuyenda mpaka lidutse, watha ntchito yako. Ubwerere m'khola ukakhale pansi, lina likabwera foni idzalira. Ndinagwapo kamodzi, pa Khirisimasi yoyamba, ndipo ndinakamuuza Mphatso ndekha asanamve kwa anthu a kwaya.

Kwa alamu sindinapite kukakangana. Ndinkapita Lamulungu lililonse masana, m'kamwa muli bwino monga ananenera. Pakhomo ankandikumbatira, ndipo musaganize kuti chinali chikondi, ankanunkhiza. Ndinkakhala pa mpando wawo wokutidwa ndi pulasitiki, kulandira tiyi ndi manja awiri, kumvetsera akundilangiza za moyo. Tadala ankakhala patsidya akujambula ndi dzanja lamanja, linalo atalikhalira. Ndinkaona, chinkandiwawa, koma ndinkameza. Ndinali ndisanagulenso pakamwa panga, ufulu wolankhula za mwana.

Chilimwe chotsatira Mphatso anavomera kuti tipite ndi mwana kupaki ya pafupi ndi nyumba. Alamu anati nawonso abwera kudzapitidwa mphepo, ndipo anakhala pa benchi ndi Mphatso ngati apolisi. Ine ndinatulutsa golovesi ija inakanidwa ndi ogula, ndi mpira umodzi. Ndinamupatsa Tadala kuti andiponyere. Anaponya ndi lamanja, mpira unagwa pamapazi ake n'kugubuduka.

"Tayesa linalo," ndinatero.

Anayang'ana ku benchi. Anayang'ana kwa ine. Dzanja lamanzere linali kumbuyo, litagwira diresi.

"Kamodzi kokha, mama. Ukapanda kulikonda, ulibweze."

Analitulutsa pang'onopang'ono ngati akutulutsa chinthu chakuba. Anagwira mpira, anaponda kutsogolo ndi mwendo woyenera popanda womuuza, n'kuponya. Mpira unalowa m'golovesi kuti phwa! Abale, kulira kumeneko ndimakudziwa, ndakumva moyo wanga wonse. Mwana anatsegula pakamwa, kudabwa ndi dzanja lake lomwe. Ndinamugubuduzira mpira kuti aponyenso.

Ndiyeno uchitsiru wanga wakale unadzuka. M'malo moyang'ana mwana, ndinatembenuka kuyang'ana ku benchi, kuti alamu aone nkhope yanga, adziwe kuti ndawapambana. Ndinali ndikukonza kale mawu oti ndiwalase nawo. Mpira wachiwiri unandipeza pakamwa.

Ndinagwada, magazi ali chuchuchu, dzino lili pa udzu. Ili, taonani, pamene pali mpatapa. Alamu anaimirira n'kukuwa kuti, "Ndinanena ine! Ndinanena!" Tadala analira kulira kumene sindidzakuiwala. Anabweza dzanja kumbuyo, n'kuligwira ndi linzake mwamphamvu ngati lingathawe.

"Sole dadi, sole! Ndi dzanja loipa lija! Sindidzalitulutsanso!"

Pamenepo ndinadziwa kuti wachibonga wanga ndi ameneyu, ndipo ndikaphonya apa sipadzakhalanso wina. Alamu ndinawasiya akukuwa. Ndinalavula magazi, ndinayenda chogwada mpaka pamene anaima mwana, n'kutambasula manja onse awiri, mmene timalandirira mphatso kwa munthu wamkulu.

"Tandipatsa dzanjalo," ndinatero.

Anapukusa mutu.

"Ndikupempha, mama. Tandipatsa."

Analipereka, ndipo ndinalilandira ndi manja awiri. Ulendo uno manja anga sankanjenjemera.

"Dzanja ili ndi labwino," ndinamuuza, mawu akutulukira pa mpata wa dzino. "Laponya pamene linaloza. Wolakwa ndi amene amayang'ana kumbali. Ndipo ine sanandiwononge ndi manzere ayi, linandiwononga ndi botolo, ndipo botolo ndinkanyamula ndi dzanja lililonse limene linali pafupi. Wamva?"

Anafunsa ngati dzinolo lidzamerenso ngati ake. Ndinati ayi, langa lapita basi. Kumbuyo kwanga ndinamva Mphatso akuseka, koyamba m'zaka zambiri, akubwera ndi kansalu koti ndidzipukutire. Podutsa anawauza akulu ake mofatsa kuti, "Achemwali, kuyambira lero mwanayu azidyera dzanja limene akufuna." Alamu anati nyumba ndi yawo. Mphatso anati akudziwa, ndipo ayamba kufuna ina.

Sindikunamizani kuti zonse zinakoma. Ine ndi Mphatso sitinabwererane, tikulankhulana, ndipo zotsalazo zili kwa iye. Ndikunyamulabe makatoni. Alamu akandiona amanunkhizabe, ndipo ndi ufulu wawo. A Zulu anandiimitsa posachedwa n'kundiuza kuti ankandipempherera nthawi yonseyi, ine ndinangoti zikomo, ndinaona mmene munkapempherera pa chitini cha nyemba. Koma Tadala amalemba ndi manzere, zilembo zoongoka bwino, ndipo mpunga umafika pakamwa wonse. Dokotala wa mano wandiuza kangapo kuti akhoza kutseka mpatawu, ine ndimakana.

Ndiye inu amene mwakhala apa n'kumati mowa wanu sukhudza munthu, mumamwa ndi pakamwa panu, ndikukuuzani kuti mukunama, ndipo bodza lake ndi lotopetsa chifukwa tonse muno tinalinenapo. Kunyumba kwanu kuli mwana amene amafanana nanu penapake. Mwina ndi kaseka kanu, mwina ndi kayendedwe, mwina ndi dzina lenilenilo. Ndipo pali wina amene wamuuza kale kuti chimenecho ndi chimene chinawononga bambo ake. Sadzakuuzani, ana athu ndi aulemu. Adzangochibisa mwakachetechete kuti asafanane nanu.

Achimwene a chingamu, tionane pakhomo tikatuluka, ndikupatsani nambala yanga. Enanu mukafika kunyumba musayambe ndi kupepesa, mapepeso anu anawatopetsa kale. Mukangokhala pansi n'kuyang'ana bwinobwino chimene mwana wanu wakhalira.